Mwana akati akufuna kudzayendetsa mpikisano wa mafunso, tisamuseke

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ena angaiyese yaing'ono, koma ine ikundikhudza kwambiri monga munthu amene wakalambira m'kalasi akuphunzitsa ana a pulayimale. Sukulu zambiri masiku ano, makamaka za m'tauni, zimapatula tsiku loti ana avale zovala za ntchito imene akufuna kudzagwira akadzakula. Makolo amathamangira kwa atelala kukasoketsa malaya oyera a dokotala, diresi la namwino, mkanjo wakuda wa loya kapena yunifolomu ya woyendetsa ndege, ndipo mwana aliyense akaimirira kutsogolo ndi kutchula ntchito yake anthu amamuombera m'manja. Koma pamapezeka mwana mmodzi kapena awiri amene amati iwo akufuna kudzakhala munthu uja amafunsa mafunso pa wailesi kapena pa kanema, wopereka mphoto kwa amene akhoza. Mwana wotereyu akangotero, akuluakulu amaseka, ndipo ena amamuuza kuti asiye zachibwana atchule ntchito yeniyeni. Kuseka kumeneku ndiko ndikufuna kutsutsa, chifukwa ndikukhulupirira kuti mwanayo watchula ntchito yeniyeni, yovuta ndithu, imene dziko lathu likuisowa.

Mwana salota ntchito imene sanaionepo kapena kuimva. Pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, bungwe lina la ku Britain lotchedwa Education and Employers linapempha ana a pulayimale pafupifupi 20,000, a kumeneko ndi a m'mayiko ena, kuti ajambule ntchito imene akufuna kudzagwira, kenako linawafunsa kumene anaidziwira. Ena anatchula munthu amene amamudziwa, ena anatchula wailesi, kanema ndi mafilimu, ndipo amene anati anaimva kwa mlendo wobwera kudzawayankhula pasukulu sanakwane ngakhale mmodzi pa ana 100 alionse. Chaka chotsatira, kafukufuku amene kampani ya zidole ya Lego inachititsa anapeza kuti ku America ndi ku Britain ana ofuna kudzatchuka pa YouTube anali ochuluka pafupifupi katatu kuposa ofuna kudzayenda mumlengalenga, pamene ku China ana oposa theka ankafuna za mumlengalengazo. Anthu ena atamva zimenezi anadandaula kuti ana a masiku ano aonongeka. Ine ndimaona kuti ana amangotibwezera zimene ife eni ake tawaikira pamaso, ndipo ngati pali wofunika kufunsidwa ndi ife amene timasankha zoulutsa.

Kwathu kuno chimene chimafika kwa mwana kwambiri ndi mawu. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pa makomo 100 alionse, pafupifupi 34 anali ndi wailesi ndipo 12 okha ndiwo anali ndi kanema, koma tikudziwa kuti wailesi imodzi imamveredwa ndi mabanja angapo, ndiponso timafoni tating'ono tambiri timagwira wailesi. Ife amene tinakula pamene kunali MBC yokha, imene inayamba mu 1964, tikukumbukira anyamata amene ankatsanzira oulutsa mpira akuthamangitsa mpira wachikulunga pabwalo la sukulu, ndiponso mpikisano wa mafunso wa sukulu za sekondale umene unkatisonkhanitsa pa wailesi kuti timve ngati sukulu ya kwathu ikhoze. Kanema wa dziko lino anayamba mu 1999, wailesi ya Zodiak inabwera mu 2005, ndipo lero nyumba zoulutsira mawu zachuluka mpaka m'maboma. Palibe chodabwitsa kuti mwana amene amamva mawu a muulutsi tsiku ndi tsiku, kuposa mmene amaonera dokotala, afune kudzakhala ngati iye.

Komabe funso limene ndakhala ndikulilingalira ndi lakuti, pa ntchito zonse za pa wailesi, n'chifukwa chiyani ana amakopeka kwambiri ndi wofunsa mafunso, osati wowerenga nkhani kapena woika nyimbo? Taganizirani moyo wa mwana wa Sitandade 6. Kuyambira m'mawa mpaka kuweruka iye ndiye amafunsidwa, ndipo akalephera amaimitsidwa anzake atakhala pansi. Akafika kunyumba amafunsidwanso kumene anali ndi chimene wachedwera, ndipo pa mwambo wathu mwana wofunsafunsa akuluakulu amatchedwa wamwano. Ndiye tsiku lina amaona munthu amene ntchito yake yonse ndi kufunsa, amene amafunsa ngakhale aphunzitsi, madokotala ndi azibambo a ndevu, iwo n'kumatuluka thukuta kufunafuna yankho. Munthuyo yankho ali nalo m'manja, koma salitaya msanga. Iye sapikisana ndi aliyense, choncho sagonja, ndipo pomaliza ndi iyeyo amene amapereka mphoto ndi kuona nkhope ya munthu ikuwala. Mwana amaona ulamuliro umene sumenya kapena kukalipa, ulamuliro umene mathero ake ndi kusangalatsa wina. Sindikudziwa kuti n'chiyani choipa chimene kholo lingapeze m'chilakolako choterocho.

Pasukulu ina yakumudzi imene ndinaphunzitsapo tinkakhala ndi mpikisano wa mafunso Lachisanu masana, pansi pa mtengo wa mango, Sitandade 7 ikulimbana ndi Sitandade 8. Poyamba ndinkafunsa ndine, koma mtsikana wina wa Sitandade 7, amene m'kalasi sankakonda kukweza dzanja, anandipempha kuti ayeseko. Anatenga chitsononkho n'kuchigwira ngati maikolofoni, mnzake anakhala pambali ndi kamtengo pafupi ndi limu imene tinkaimba ngati belu, ndipo wina ankalemba malikisi pa kabolodi kotsamira pa tsinde la mtengo. Anafunsa kuti likulu la dziko lino linasamuka liti kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Mnyamata wina wamtali wa Sitandade 8 anayankha kuti 1964. Mtsikanayo sanafulumire. Anayang'ana papepala lake, anayang'ana mnyamatayo, anamufunsa ngati akutsimikiza, ndipo bwalo lonse linakhala chete mpaka amayi ogulitsa zitumbuwa kuseri kwa mpanda anasiya kuitanira malonda. Kenako anati, "Achimwene, chaka mwatchulacho n'chofunika, ndi chimene tinalandira ufulu, koma likulu linasamuka mu 1975. Tiyeni tiwaombere m'manja chifukwa ayesetsa." Mnyamatayo anakhala pansi akumwetulira. Palibe amene anamuphunzitsa mtsikanayo kuti wolephera amafunika kumusungira ulemu, kapena kuti kuchedwetsa yankho pang'ono kumachititsa anthu kutchera khutu. Chimene ndinaona pambuyo pake n'chakuti, pofuna kukonza mafunso a sabata yotsatira, iye anayamba kubwereka mabuku amene ankangodya fumbi mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, ndipo ankabwera kudzanditsutsa akapeza kuti buku lina likusiyana ndi linzake pa kutalika kwa phiri la Mulanje.

Masewera amenewa si achilendo kwa ife, ngakhale kuti magetsi ndi mipando yonyezimira ya pa kanema zimachokera kunja. Agogo athu ankatisonkhanitsa madzulo, wina n'kuti "Ndagi!" ife n'kuvomera kuti "Gize!" ndipo ankatifunsa za nyumba yopanda khomo, ife n'kumakangana mpaka wina atatulukira kuti ndi dzira. Panali malamulo ake, panali nthawi yoganiza, panali chilango chongosewera kwa olephera, ndipo amene ankadziwa ndagi zambiri ndi kuziponya mwaluso ankalemekezedwa pakati pa anzake. Ngakhale lero paukwati uliwonse pamafunika munthu woyendetsa mwambo, amene amadziwa nthawi yoitana akuchimuna ndi nthawi yoitana akuchikazi, amene amaona kuti perekaniperekani wayamba kuzilala n'kusintha nyimbo, amene amatha kuseketsa apongozi popanda kuwachititsa manyazi. Mabanja amalimbirana anthu oterewa miyezi isanakwane, ndipo amawalipira. Luso lake ndi lomwelo limene mwana uja akulisirira pa kanema: kugwira khamu la anthu ndi mawu okha.

Tsopano ndinene za kulemera kwa ntchitoyi, popeza amene amaseka amaganiza kuti ndi kungovala suti ndi kuwerenga zolembedwa ndi ena. Alex Trebek, mbadwa ya ku Canada amene anayendetsa pulogalamu ya Jeopardy! ku America kuyambira 1984 mpaka pamene anamwalira mu November 2020, anaphunzira filosofi pa yunivesite ya Ottawa, ndipo anayamba ntchito ku nyumba youlutsira mawu ya dziko lake akuwerenga nkhani ndi kuyendetsa mpikisano wa mafunso wa ana a sekondale. Zinamutengera zaka zoposa 20 kuti afike pa mpando umene anthu amamukumbukira nawo. Pa tsiku lojambula ankajambula mapulogalamu 5, ndipo ankalawirira m'mawa kuti awerenge mafunso onse a tsikulo, kufufuza katchulidwe ka dzina lililonse lachilendo ndi kubweza kwa olemba funso lililonse limene likanatha kukhala ndi mayankho awiri. Anajambula mapulogalamu oposa 8,000, ndipo omalizawo anawajambula akudwala khansa, patangotsala masiku ochepa kuti amwalire. Munthu amene amagwira ntchito motero sitinganene kuti akusewera.

Kuno ku Africa ambiri akukumbukira John Sibi-Okumu wa ku Kenya, amene ankayendetsa mpikisano wa mayunivesite umene unayamba mu 2007 ndi dzina la Celtel Africa Challenge, kenako n'kutchedwa Zain Africa Challenge, ndipo mayunivesite a ku Malawi kuno analowa nawo. Bambo ameneyu anali mphunzitsi wa Chifalansa kwa zaka zambiri asanaime pa situdiyo imeneyo, ndipo uphunzitsiwo unkaonekera pa mmene ankatchulira mawu momveka ndiponso mmene ankalemekezera ophunzira ngakhale pamene akuwathamangitsa ndi nthawi. Ndikukumbukira kuti ana a sekondale a m'dera lathu ankadzaza m'nyumba ya munthu amene anali ndi kanema kuti aone anzawo a ku koleji akulimbana ndi a ku Uganda ndi ku Tanzania, ndipo ena mwa iwo inali nthawi yoyamba kuona kuti munthu angathe kutchuka chifukwa chodziwa zinthu. Mpikisanowo unazimirira m'nyengo imene kampani ya mafoni ya Zain inasintha dzina kukhala Airtel mu 2010, ndipo ana obadwa pambuyo pake sanauone. Ku Nigeria nako Frank Edoho anayendetsa Who Wants to Be a Millionaire kuyambira 2004, pulogalamu imene inayambira ku Britain mu 1998 ndi Chris Tarrant. Mafunso ake 15 aja akanatha kuwerengedwa m'mphindi zochepa, koma chimene chinkagwira anthu pampando chinali luso la wofunsayo pocheza ndi munthu wamantha, kumukumbutsa kuti akhoza kuimbira mnzake foni kapena kufunsa oonerera, ndi kusaonetsa pankhope pake ngati yankho lili lolondola.

Mbali imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonsezi ndi chilungamo. Wofunsa mafunso ali ngati woimbira mpira: anthu akangomukayikira kamodzi, masewera onse atha. Ku America komweko, m'zaka za m'ma 1950, mapulogalamu a mafunso anali otchuka kwambiri, ndipo pa pulogalamu yotchedwa Twenty-One mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Columbia, Charles Van Doren, anapambana madola 129,000 ndi kukhala munthu wokondedwa m'dziko lonse. Pambuyo pake zinadziwika kuti okonza pulogalamuyo ankamupatsiratu mayankho, ndi kumuphunzitsa mmene angadzipukutire thukuta ndi kuoneka ngati akuvutika kuganiza, chifukwa ankafuna kuti oonerera achuluke ndipo otsatsa malonda akondwe. Mu 1959 anavomera zonsezi pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo, anachotsedwa ntchito, ndipo mu 1960 dzikolo linakhazikitsa lamulo loti kukonzeratu wopambana pa mpikisano woulutsidwa ndi mlandu. Nkhani imeneyi ndinkawafotokozera ana anga a m'kalasi, chifukwa m'dziko limene chaka ndi chaka bungwe la MANEB limachenjeza za kubera mayeso, mwana amene waphunzira kusunga pepala la mayankho osamuonetsa ngakhale mnzake wapamtima waphunzira chinthu chimene chidzamuthandiza pa ntchito iliyonse, kaya adzasunga mankhwala a m'chipatala kapena ndalama za boma.

Apa ndi pamene ndili ndi dandaulo kwa nyumba zathu zoulutsira mawu, ndipo sindikuloza chala imodzi. Zambiri mwa zimene lero zikutchedwa mipikisano si mipikisano ya nzeru ayi. Muulutsi amafunsa funso limene ngakhale mwana wa Sitandade 2 angaliyankhe ali m'tulo, monga lakuti nyanja yaikulu m'dziko muno ndi iti, kenako amalimbikitsa omvera kuti atumize mauthenga ambirimbiri pafoni, uliwonse ukudula mayunitsi, ndipo amanena poyera kuti wotumiza kambiri ndiye ali ndi mwayi waukulu. Funsolo langokhala chophimba, zenizeni ndi mayere. Pakati pa mapulogalamu pamabweranso malonda a kubetcha, akulonjeza kuti ndi ndalama yochepa munthu angadzuke ali wolemera. Mwana amene akumvera zimenezi akuphunzira kuti mphoto imabwera ndi mwayi ndi kuchuluka kwa mayunitsi, osati ndi kuwerenga. Ndakumanapo ndi anyamata a msinkhu wa pulayimale amene amadziwa mayina a matimu onse a ku England ndi mmene angabetchere pa iwo, koma sangatchule mtsinje umene umatulutsa madzi m'nyanja ya Malawi, pamene magetsi amene akuonera mpirawo akuchokera pa mtsinje wa Shire womwewo. Ngati wofunsa mafunso amene ana athu akumuona ndi wogulitsa mayere, ndiye kuti makolo ali ndi chifukwa chodera nkhawa, koma cholakwa si cha mwana.

Sindikufunanso kuti titengere khalidwe lina lakunja lomwe wofunsa amatchuka chifukwa chonyoza olephera, monga zinkachitikira pa pulogalamu ya The Weakest Link imene inayamba pa BBC mu 2000. Ana athu ambiri amaopa kale kuyankhula pagulu chifukwa chosekedwa akaphonya Chingerezi, ndipo sitifunika kuwaonjezera mantha.

Makolo amene amakana maloto amenewa ndimawamvetsa, ndipo sindikuwayesa osadziwa zinthu. Bambo amene wagulitsa mbuzi kuti alipire fizi amafuna kuona ntchito imene ili ndi malipiro a pamwezi ndi penshoni, ndipo n'zoona kuti mipando ya ofunsa mafunso pa kanema ndi yowerengeka m'dziko lililonse, kuli bwanji lathu lino. N'zoonanso kuti achinyamata ambiri amene amalowa ntchito youlutsa mawu amayamba ndi kungodzipereka, ndipo malipiro ake si okhumbirika. Koma tiyeni tinene zoona mbali zonse. Mwa ana onse amene amavala malaya oyera pa tsiku lija, ndi angati amene adzalowedi sukulu ya udokotala ku Blantyre? Mwa amene amavala yunifolomu ya woyendetsa ndege, ndi angati amene adzakwere ndege ngakhale ngati apaulendo? Sitiwaseka amenewo, chifukwa timadziwa kuti loto la mwana wa zaka 10 si pangano la ntchito, ndi chinthu chimene chimamudzutsa m'mawa kuti apite kusukulu. Mwana wofuna udokotala timamuuza kuti alimbikire sayansi ndi masamu. Mwana wofuna kufunsa mafunso tingamuuzenso zoti alimbikire, ndipo n'zambiri: awerenge chilichonse chimene wachipeza, adziwe mbiri ndi malo a dziko lake, ayankhule Chichewa ndi Chingerezi momveka bwino, athe kuwerengera malikisi mofulumira m'mutu, aphunzire kumvetsera munthu mpaka amalize. Akadzapanda kufika pa kanema, zinthu zimenezi adzazigwiritsa ntchito ali mphunzitsi, loya, mlangizi wa zaulimi amene akufotokozera alimi za mbewu, kapena namwino amene akuphunzitsa amayi kusikelo. Kholo limene lamuseka lataya mwayi womuuza zonsezi, ndipo mwanayo waphunzira chinthu chimodzi chokha, kuti ulendo wina azitchula ntchito imene akuluakulu akufuna kumva.

Tisaiwalenso kuti kumbuyo kwa munthu mmodzi amene timamuona kuli ena ambiri amene sitiwaona. Pali olemba mafunso, pali otsimikiza kuti yankho lililonse ndi loona, pali osunga nthawi ndi malikisi, akatswiri a mawu ndi makamera, ndi okonza pulogalamu yonse. Mwana wamanyazi amene sangaime kutsogolo kwa anthu akhoza kukhala katswiri wolemba mafunso, ndipo ntchito imeneyo ndi yovuta kuposa mmene imaonekera, chifukwa funso labwino liyenera kukhala ndi yankho limodzi lokha, lisakhale lophweka moti aliyense akhoze, ndiponso lisakhale lovuta moti omvera kunyumba ataye mtima. Sukulu zophunzitsa utolankhani zilipo, monga Malawi Institute of Journalism ndi MUBAS imene kale inkatchedwa Polytechnic, koma ndi ana ochepa kwambiri akumudzi amene anamvapo za izo, chifukwa pa masiku oyankhula za ntchito timaitana namwino ndi wapolisi, osaganizako zoitana muulutsi wa pa wailesi ya m'dera lomwelo.

Pempho langa loyamba likupita kwa eni nyumba zoulutsira mawu, makamaka wailesi za m'madera monga ya Dzimwe ku Mangochi, ya Nkhotakota ndi ya Mzimba, zimene zili pafupi ndi sukulu zakumudzi. Mpikisano wa mafunso pa wailesi ndi umodzi mwa mapulogalamu otsika mtengo kwambiri. Sufuna magetsi amitundumitundu kapena mphoto ya galimoto. Ufuna chipinda chachete, chojambulira mawu, belu, aphunzitsi awiri okonza mafunso, ndi mphoto monga makope, mabuku, nyali ya sola kapena fizi ya teremu imodzi. Sukulu za m'zoni imodzi zikhoza kuyamba kupikisana, opambana n'kupita pa boma, kenako pa chigawo. Ndipo ndikupempha kuti wofunsa azikhala mwana, mothandizidwa ndi muulutsi wamkulu, monga mmene bungwe la Timveni lasonyezera kuti ana akhoza kuyendetsa mapulogalamu awoawo pa wailesi ndi pa kanema akapatsidwa mpata. Atsikana apatsidwe mpando umenewu mofanana ndi anyamata, popeza pafupifupi onse otchuka amene ndawatchula m'kalata muno ndi amuna, ndipo mtsikana amafunika kumva mawu a mtsikana mnzake akulamula kuti nthawi yatha.

Mipikisano yambiri imene ilipo m'sukulu, monga ya masipelo ndi ya mtsutso, imachitika m'Chingerezi, ndipo n'zomveka popeza munthu sangalandire satifiketi ya MSCE popanda kukhoza phunziro limeneli. Koma mpikisano wa pa wailesi umamveredwa ndi banja lonse, ndipo ukakhala m'Chingerezi chokha agogo ndi amayi amene sanapite patali ndi sukulu amatsala kunja. Ndikufuna kumva mpikisano m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, umene ukufunsa za John Chilembwe ndi 1915, za referendamu ya 1993, za chaka cha 1971 pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, komanso za miyambi, mayina a mitengo, nsomba za m'nyanja yathu, matenda a mbewu ndi zizindikiro za malungo. Pa mafunso oterewa gogo akhoza kumuposa mdzukulu wake wa Fomu 4, ndipo mwanayo angazindikire kuti nzeru zina zili m'nyumba momwemo. Akatswiri a ziyankhulo a ku Centre for Language Studies ku Zomba angathandize kuti mafunsowo akhale olondola ndi omveka, ndipo makampani amene amawononga ndalama zambiri pa zikwangwani za m'misewu angapeze kuti dzina lawo likutchulidwa mwaulemu m'makomo ambiri pa mtengo wochepa. Bungwe la MACRA, limene limapereka ziphaso kwa oulutsa mawu, nalonso liyang'ane kusiyana kwa mpikisano wa nzeru ndi mayere obisika, makamaka pa maola amene ana amakhala akumvera.

Kwa aphunzitsi anzanga amene mukadali pa ntchito, ndikudziwa kuchuluka kwa ana m'makalasi mwanu chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ndipo ndikudziwa kuti Lachisanu masana mumakhala mutatopa. Koma mpikisano umenewu, mukangouyambitsa, ana amauyendetsa okha, ndipo ntchito yanu imangokhala kuona mafunso awo usiku wake kuti musalole yankho lolakwika kulengezedwa pagulu. Musasankhe wofunsa potengera amene amakhala nambala wani m'kalasi. Perekani mpata mosinthana, ndipo mudzadabwa kuona amene ali ndi mphatso imeneyi.

Kwa inu akonzi, ndikupempha kuti nyuzipepala yanu ipatule kadanga kakang'ono sabata iliyonse koikapo mafunso 10 olembedwa ndi ana asukulu eni ake, pamodzi ndi dzina la sukulu yawo, ndipo mayankho azituluka sabata yotsatira mutawatsimikiza. Aphunzitsi akumudzi, amene nthawi zambiri amalandira nyuzipepala patapita masiku, adzadula kadangako ndi kukagwiritsa ntchito Lachisanu, ndipo ine ndili wokonzeka kuthandiza kusonkhanitsa mafunso ochokera m'sukulu za m'dera lathu ngati mungavomere.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Dedza